Laisensi ikatha muli ndi imvi: yambani ndi maso, ofesi pambuyo

Laisensi yanga inatha mphamvu ine osadziwa. Anandiuza ndi wapolisi wamkazi, wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, pa rodibuloko ina mumsewu wa ku Lilongwe. Anaitembenuza kawiri, n'kundisuzumira pawindo. "Agogo, mwaiona bwino iyi? Inatha mu Febuluwale." Ndinailanda kuti ndimutsutse. Ndinaisendeza kutali, kuibweretsa pafupi, kuipendeketsa kudzuwa, koma timanambala tija tinangokhala ngati nyerere zopondedwa. Magalasi ndinali nditawasiya pa kabati kunyumba. Chindapusa ndinalipira, lisiti ndinalandira, koma chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo si ndalama ayi. Ine amene ndinakweza ndi kutsitsa malole a thonje m'mapiri a Mvera zaka 30, ndinalephera kuwerenga deti pa khadi yangayanga, chikhalirecho ndili pa chiwongolero.

Ndiye izi ndikulembera anzanga amene tadutsa zaka 60, a pano pa Salima ndi a ku Nkhotakota, komanso ana amene amaima pakhonde mtima uli m'mwamba bambo awo akamatulutsa galimoto. Za ku ofesi n'za tsiku limodzi. Zimene zimadya nthawi ndi zoyenera kuchita musanapiteko, ndi zoyenera kusintha mukabwerako.

Choyamba, werengani khadi yanu lero

Itulutseni m'chikwama, valani magalasi, kapena itanani mdzukulu akuwerengereni. Laisensi ya kuno imakhala zaka 5, ndipo kwa ife zaka 5 zimadutsa ngati mvula ya chizimalupsa. Lembani deti lake pa kalendala ya pakhoma, ndipo muuzenso munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu kuti adzakukumbutseni. Yambani kukonzeka kutatsala miyezi itatu. Musaone ngati yachuluka: ngati kuchipatala akakupezani ndi vuto la maso, miyezi imeneyo ndiyo idzakupulumutseni kuti musayende ndi khadi yakutha. Ndipo khadi yakutha vuto lake si apolisi okha. Mukachita nayo ngozi, a inshuwalansi ali ndi pothawira, mlandu wonse n'kukutsalirani pamutu.

Chachiwiri, maso

Pano ndichedwapo, chifukwa apa ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Maso sazima tsiku limodzi ngati babu. Amachepa pang'onopang'ono ngati nyali imene ikutha parafini, munthu n'kumazolowera mdimawo osazindikira.

Yambani ndi kudziyesa nokha pakhomo. Imikani galimoto pabwalo masana, yendani mapazi 25 kuchoka pamene yaima, tembenukani. Phimbani diso lamanzere ndi chikhato, werengani nambala ya galimoto. Kenako phimbani lamanja. Yanuyo mumaidziwa pamtima, ndiye ngati n'kotheka yesani pa ya mnansi. Ine nditachita zimenezi ndinapeza kuti diso lamanja limawerenga bwinobwino, koma lamanzere linkangoona chikwangwani chopanda malemba, ngati ndikuyang'ana kudzera m'pepala la pulasitiki lonyowa. Zaka zingati diso limodzi lakhala likugwirira ntchito linzake, sindinganene. Kuyesa uku si kwa boma, n'kongokutsegulani m'mutu kuti mupite kuchipatala.

Pitani ku chipatala cha boma cha Salima kapena cha Nkhotakota mukafunse za maso. Musakangonena kuti "ndikufuna magalasi". Kanenetseni kuti mumayendetsa galimoto, ndipo muwafotokozere zimene zimakuchitikirani usiku. Pali zinthu zitatu zimene zimavutitsa anthu a msinkhu wathu.

Ng'ala ndiyo yofala. Kamandala ka m'kati mwa diso kamachita chifunga. Chizindikiro chake kwa dalaivala n'chakuti nyali za galimoto yobwera kutsogolo zimamwazika, zimachita nkhata ngati mwezi wa nthawi ya mvula, ndipo ikadutsa mumakhala kanthawi musakuona chilichonse. Ng'ala imachotsedwa. Opaleshoni yake ndi yaifupi, sakugonekani tulo thupi lonse, amangodzanzitsa disolo. Chipatala cha Nkhoma chimadziwika ndi ntchito imeneyi kuyambira kale, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central. Langa lamanzere anachotsa, ndipo tsiku limene anamasula bandeji ndinadabwa kuona kuti khoma la m'nyumba mwanga, limene ndinkaliyesa lachikasu, ndi loyera. Dokotala ndiye adzakuuzeni tsiku loyambiranso kuyendetsa. Musadziuze nokha.

Lachiwiri ndi glaucoma, ndipo limeneli ndi lakuba. Silipweteka nthawi zambiri, kutsogolo mumaona bwino, koma limadya kuona kwa m'mbali. Ndiye mwana akuthamangira mpira kuchokera kumanzere, wakabaza akutulukira kumanja, inu mumawaona atafika kale pa bampala. Limene lawonongeka silibwerera, koma akalipeza msanga pali mankhwala odonthezera amene amaliletsa kupitirira. Pemphani kuti akupimeni mphamvu ya madzi a m'diso. Lachitatu ndi la amene tili ndi shuga: amawononga timitsempha ta kuseri kwa diso. Wodwala shuga aziyezetsa maso chaka ndi chaka, kaya laisensi yatha kaya ayi.

Chenjezo limodzi. Magalasi ogula pamsika aja, amene timayesa powerenga nyuzipepala ya wogulitsayo, ndi owerengera zapafupi. Si oyendetsera galimoto. Mukawavala pa chiwongolero, msewu umachita chimbuuzi. Oyendetsera ndi oonera patali, olembedwa ndi amene wakupimani.

Chachitatu, thupi lonse ndi mankhwala amene mukumwa

Muli kuchipatala komweko, yezetsani BP ndi shuga. Tengani mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale ogula pa golosale, muwaike m'kajumbo, mukawaonetse adokotala kapena a ku famase n'kufunsa funso limodzi: "Pa amenewa, ndi ati amene amagonetsa kapena kuchititsa chizungulire?" Mudzadabwa. Piriton amene timamwa tikamayetsemula amagonetsa. Mankhwala ena a chifuwa amagonetsa. Ena a BP amachititsa chizungulire, makamaka masiku oyamba kapena akakusinthirani mlingo. Sabata imene mwayamba mankhwala atsopano, galimoto ipume.

A shuga, makamaka amene mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, musayambe ulendo ndi mimba yopanda kanthu. Shuga akatsika munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mutu umasokonezeka, ndipo amene ali panja amangoti dalaivala waledzera. Sungani maswiti kapena kapaketi ka shuga pafupi ndi giya, osati kubuti. Mukamva zizindikirozo patukani pomwepo, zimitsani injini, idyani, ndipo dikirani mpaka mutu ubwerere m'malo. Dzanja likachita dzanzi mwadzidzidzi, kamwa kupotoka, mawu kukanika kutuluka, imeneyo ndi sitiroko ikugogoda. Musayese kudzifikitsa nokha kuchipatala. Imani, wina akutengeni msanga.

Yesaninso khosi. Khalani pampando wa dalaivala, mdzukulu aime kumbuyo kwa chitseko chakumbuyo, cha kumanja. Mungathe kucheuka n'kumuona popanda kutembenuza thupi lonse? Ngati ayi, gulani timagalasi tozungulira tomata pa magalasi a m'mbali. N'totsika mtengo ndipo timaonetsa malo amene njinga yamoto imakonda kubisala. Makutu nawonso: ngati akunyumba ayamba kudandaula kuti wailesi mukuikweza kwambiri, dziwani kuti hutala ya minibasi ndi belu la njinga mukuzimvanso mochedwa. Poyendetsa zimitsani wailesi, tsitsani windo pang'ono.

Chachinayi, zonyamula ndi ulendo wa ku ofesi

Ofesi yake ndi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Akuluakulu mwa maofesi ake ali ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Ife a Salima lathu ndi la ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. A ku boma la Nkhotakota mtundawo umawirikiza kawiri, ndiye ndi bwino kukagona kwa achibale mumzinda n'kulawirira m'mawa. A ku Dwangwa ndi Dwambazi angathe kuyerekeza ndi ulendo wa ku Mzuzu.

Nyamulani laisensi yakaleyo, chiphaso cha unzika, ndi khadi ya Traffic Register, ija yosonyeza kuti munalembetsa m'kaundula wa ku Road Traffic. Kuyambira 2015, pamene anakhazikitsa makina atsopano a MalTIS, chilichonse kumeneko chimayambira pa khadi imeneyi ndi zidindo za zala zanu. Ngati simunalembetsepo m'makinawo, kapena khadiyo inatayika, yambani ndi imeneyo, ndipo werengerani kuti ulendo ungakhale wa masiku awiri. Onetsetsani kuti chiphaso cha unzika nachonso sichinathe, ndipo dzina lalembedwa mofanana pa makhadi onse. Nyamulani mafotokope, cholembera chanu, magalasi onse awiri, oonera patali ndi owerengera, botolo la madzi, kakudya, ndi mankhwala anu a masana. Mtengo umasintha, choncho funsani wa tsopano kwa amene wapitako posachedwa kapena ku ofesi komweko, n'kuwonjezerapo ina yapadera. Safunsa anadya phula.

Ngati laisensi yatha kale, musayendetse nokha popita. Kwerani minibasi pa Kamuzu Road, kapena akuyendetseni mwana. Ngakhale isanathe, ine ndimalangiza zomwezo, chifukwa tsiku loima pamzere limatopetsa, ndipo munthu wotopa sayenera kutsika mapiri a Mvera dzuwa litapendeka.

Mukafika, musanalowe n'komwe pageti, adzakuthamangirani anyamata aulemu kwambiri. "Adadi, tikuthandizeni? Musavutike ndi mzere, bweretsani mapepalawo." Amenewo ndi madobadoba, ndipo imvi zathu ndizo zimawaitana. Musawapatse khadi, musawapatse ndalama. Palibe chimene angakuchitireni chimene simungathe nokha, pakuti chala choikidwa pa makina ndi chanu, nkhope yojambulidwa ndi yanu. Funsani kwa wogwira ntchito wa m'kati kumene mzere wa okonzetsa laisensi ukuyambira, ndipo musachite manyazi kunena kuti ndinu wachikulire, simungathe kuima nthawi yaitali. Nthawi zambiri mpando umapezeka.

Ndondomeko yake ndi yosavuta: mudzadzaza fomu, adzakutsimikizani ndi chala pa makina, konzekani kuyesedwa maso ndi kujambulidwa, adzakupatsani pepala losonyeza ndalama zoti mulipire, mudzalipira kubanki, n'kubwerera ndi lisiti. Ndalama ya boma imalipidwa kubanki basi, osati m'manja mwa munthu pakhonde. Ngati khadi siituluka tsiku lomwelo, adzakupatsani pepala loyendera mongoyembekezera. Onani deti limene pepalalo likuthera, lijambuleni pa foni, liikeni m'kapulasitiki, ndipo funsani tsiku lodzatenga khadi. Musanachoke pa kauntala werengani dzina, tsiku lobadwa ndi kodi ya mtundu wa galimoto zimene mukuloledwa kuyendetsa. Kukonzetsa cholakwika muli pomwepo ndi mphindi zochepa, koma mukachizindikira muli pa Kaphatenga ndi ulendo wina wathunthu.

Za zala ndinenepo pang'ono, pakuti achinyamata sazidziwa. Mizere ya pa zala zathu imafufutika ndi ukalamba, khasu, simenti ndi sopo wochapira, moti makina amatha kukana kukuzindikirani. Kutatsala sabata, siyani ntchito za simenti ndi zokhula, ndipo muzidzola mafuta m'manja usiku uliwonse. Tsiku lakelo zala zisakhale zonona, komanso zisakhale zouma gwa. Makina akakana, pumirani mpweya pa chalacho, yesaninso.

Amene muli ndi kodi ya magalimoto akuluakulu, C1, C kapena EC, ndipo mukufuna kupitiriza kunyamula anthu kapena katundu wa malonda, pamafunikanso PrDP, pemiti ya madalaivala a ntchito yotere, imene imatha msanga kuposa laisensi ndipo imafuna kalata ya dokotala. Dzifunseni moona ngati mukuifunadi. Ine yanga ndinaisiya. Kunyamula matumba anga a chimanga kuchokera kumunda ndi nkhani ina, kunyamula ana a eni 15 kupita nawo ku Nkhotakota ndi nkhani inanso.

Chachisanu, sinthani kayendetsedwe

Khadi yatsopano ikangolowa m'thumba mtima umanena kuti boma latsimikiza, ndikadali dalaivala. Boma laona kuti mwawerenga zilembo pakhoma m'chipinda chowala. Silinakuoneni pa Thavite nthawi ya chisisira.

Yambani ndi nthawi. Diso lokalamba limafuna kuwala kochuluka kuposa la mnyamata, ndipo likathobwa ndi nyali limachedwa kubwerera. Pamisewu yathu ino nthawi yoipitsitsa ndi kuyambira dzuwa likamalowa mpaka cha m'ma 8 koloko: ngolo za ng'ombe zopanda nyali zikuchokera kumunda, njinga zosenza makala otambalala kuposa mwini wake, amayi ochokera kuchigayo atavala zakuda, mbuzi zogona pa tala chifukwa pakutentha. Lamulo langa n'lakuti 5 koloko ikamakwana galimoto ikhale ili pakhomo. Mu Juni ndi Julayi, pamene dzuwa limalowa msanga, ndimachotsaponso theka la ola. Maliro akachedwa kutha, ndimagona konko.

Dzuwa nalo liwerengereni. Ife a Salima tili ndi mwayi umodzi: Lilongwe ali kumadzulo kwathu. Mukanyamuka m'mawa dzuwa limakhala kumsana, mukamabwerera masana lilinso kumsana. Mukatembenuza, kunyamuka ku Salima 4 koloko madzulo, mudzalimbana nalo m'maso pokwera mapiri onse mpaka pa Chezi. Chimodzimodzi wopita ku Senga Bay m'mamawa amayang'anizana nalo. Pukutani galasi lakutsogolo kunja ndi m'kati momwe, chifukwa kafumbi kam'kati kaja ndi kamene kamamwaza kuwala.

Liwiro. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Galimoto yothamanga 80 imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Phazi lanu likachedwa ndi sekondi imodzi yokha kuchoka pa mafuta kupita pa buleki, mwayenda kale mtunda wofanana ndi thiraki yokoka ngolo musanayambe n'komwe kuima. Pa 60 ndi mamita 17, ndipo mtunda umene mabuleki amafuna kuti galimoto iime umatsika pafupifupi ndi theka. Nanga mumataya chiyani? Makilomita 100 pa 80 ndi ola limodzi ndi mphindi 15. Pa 60 ndi ola ndi mphindi 40. Mphindi 25 zokha, kwa munthu amene anapuma kale pantchito. Kuthamanga si kufika. Koma musachitenso kukwawa pakati pa msewu mzere wa magalimoto uli pambuyo panu, chifukwa mukatero mumakakamiza anzanu kukudutsani pamalo oipa. Mukaona atatu kapena anayi akutsatirani, pezani malo otambasuka, yatsani indiketa, patukani adutse. Pamene pali chikwangwani cha 50, pa malo a malonda, tsiku la msika ngakhale 50 yomweyo ndi yochuluka.

Siyani mpata. Galimoto yakutsogolo ikadutsa mtengo kapena mzati, yambani kuwerenga mosathamanga: chimodzi ndi chimodzi, ziwiri ndi ziwiri, zitatu ndi zitatu, zinayi ndi zinayi. Mukafika pa mtengowo musanamalize, mwayandikira kwambiri. Ngati yakutsogoloyo ndi minibasi kapena Sienta, onjezerani, pakuti imaima paliponse pamene dzanja lakwezedwa.

Mphambano ndi pamene achikulire ambiri timagundidwira, makamaka pokhotera kumanja modula msewu. Diso limaona kuti kukubwera chinthu, koma mutu umalakwitsa kuyerekeza liwiro lake, makamaka chikakhala chaching'ono ngati njinga yamoto. Pa Kaphatenga, pamene msewu wa ku Nkhotakota umapatukira, ndi pa Kamuzu Road pamene kabaza amachita kusefukira, imani ndithu. Yang'anani kumanja, kumanzere, kumanjanso. Wapambuyo akaliza hutala, msiyeni alize. Mukakayika, musalowe. Kudutsa galimoto ina nakonso kuchepetseni. Lole ya nzimbe ikakhala patsogolo panu cha ku Dwangwa, ndi yaitali kuposa mmene ikuonekera kumbuyo, ndipo imagwetsa mizimbe. Itsatireni patali mpaka mupeze malo owongoka amene mukuona kutali kwenikweni, ndipo dalaivala wake akakuyatsirani indiketa kuti dutsani, khulupirirani maso anu, osati ake.

Msewu wa M5 wopita ku Nkhotakota kudzera pa Khombedza ndi Benga uli ndi malo opapatiza, m'mphepete mwa tala modyeka ngati chigumu cholumidwa. Basi yaikulu ikamabwera musalimbane nayo, ndipo musagwetse tayala m'mphepete muli pa liwiro. Chepetsani kaye. Tayala likagwera kunja kwa tala, musakhotetse chiwongolero mwamphamvu kuti mubwerere, pamenepo ndi pamene galimoto zimagubuduzikira. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike, kenako bwererani pang'onopang'ono. Pa milatho yopapatiza, mulekeni mnzanuyo awoloke. Nthawi ya dzinja madzi akasefukira pamsewu, musayese kuwoloka poti munawolokapo 1994. Pansi pamakhala patakumbika.

Pali kachizolowezi kena kathu ka kunyanja kuno. Tikagula chambo pa Chia kapena ku Senga Bay timachimangirira pa galasi la m'mbali kuti chisanunkhitse m'galimoto. Mnyamata wa khosi lofewa angathe kucheuka. Inu galasi limenelo ndilo khosi lanu. Yendani ndi kabaketi ka chivindikiro kubuti. Ndipo opita ku Kasungu pa M18 kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kumbukirani kuti mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500. Yendani masana, ndipo mukaiona pamsewu imani patali, osaliza hutala.

Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala kumagonetsa munthu ali maso. Ife okalamba ludzu timalimva mochedwa, ndipo ambiri timadzimana madzi dala poopa kuimaima panjira. Imwani madzi, imani. Ola lililonse tsikani, wongolani miyendo. Mukadya nsima yamasana, musakwere galimoto nthawi yomweyo. Za mowa sindichulukitsa mawu: botolo limodzi limene munkalinyoza muli ndi zaka 35, lero likakumana ndi mankhwala a BP limakhala ngati atatu. Foni ikalira, ilire. Lamba mangani ngakhale mukungopita kuchigayo, chifukwa nthiti zathu zimathyoka ndi kugunda kumene mnyamata amangotsika n'kusasa fumbi.

Galimoto nayo ikuthandizeni. Magalasi a nyali akachita chikasu apukutitseni kapena asintheni, ndipo amakanika awongole nyalizo kuti ziloze pamsewu. Mawaipa asintheni mvula isanayambe. Onani matayala ndi mabuleki. COF, pepala lotsimikiza kuti galimoto ili bwino, ndi inshuwalansi, onani madeti ake tsiku lomwe mukuona la laisensi. Mpando ukwezeni kuti muziona bwino kutsogolo, ngakhale ndi kapilo kolimba. Ngati bondo lamanzere layamba kukana klatchi, galimoto ya otomatiki imathandiza, koma muiphunzire kaye pabwalo la mpira popanda anthu, ndipo phazi likhale limodzi, lamanja. Wozolowera klatchi zaka 40 phazi lamanzere limafunafuna chopondapo, n'kupeza buleki. Ndipo poti nsapato: patapata amakola pansi pa buleki. Valani yotseka.

Chomaliza, gwirizanani ndi a m'nyumba za tsiku losiya

Nkhani iyi ndi yowawa, ndipo ikakambidwa pambuyo pa ngozi imasanduka mkangano. Ikambeni lero, zinthu zili bwino. Ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana zizindikiro, ndipo tinazilemba kuseri kwa kalendala: ndikasochera pa njira imene ndimaidziwa, ndikaponda mafuta m'malo mwa buleki ngakhale kamodzi, galimoto ikayamba kupezeka ndi mikwingwirima imene sindikukumbukira kumene ndinaitenga, anthu akamandiimbira hutala tsiku ndi tsiku, kapena mayiwo akayamba kuopa kukwera nane. Ziwiri mwa zimenezi zikachitika, tibwerera kwa dokotala, ndipo chimene akanene ndidzamvera.

Kwa ana, njira yolankhulira ilipo. Musabise makiyi, musanene pagulu kuti "adadi akalamba". Munthu amene anakuperekezani kusukulu pa galimoto imeneyo simungamulande makiyi ngati mukulanda mwana mpeni. Kwerani nawo ulendo umodzi, khalani chete, onani. Pobwera nenani chimene mwaona, chimodzi chokha: "Adadi, pa mphambano paja njinga ija munaiona?" Kenako bweretsani chothandiza, osati chiletso chokha. Ndani aziwapititsa kutchalitchi kapena kumzikiti, kumunda, kukatenga penshoni? Ngati yankho palibe, makiyi sadzaperekedwa.

Kusiya sikuchitika tsiku limodzi. Ine ndinayamba ndi kusiya usiku. Kenako ndinasiya kulowa m'kati mwa Lilongwe, maraundabauti ndi misewu yatsopano ija yandipitirira. Ndikafika pa Kanengo ndimapatuka, mwana wa mlongo wanga amandipeza pamenepo n'kutenga chiwongolero. Zanga zatsala ndi za pano: kumunda ku Lifuwu, kutchalitchi, ndi ku Senga Bay Loweruka cha m'ma 9 koloko dzuwa litakwera. Mwezi wamawa ndikupita kukaonetsa diso lamanja, lija linkagwirira ntchito linzake, chifukwa nalonso layamba kuona nkhata pa nyali za njinga zamoto.